Ndinachotsa Windows sabata yomwe malume anapeza oda ya mawindo

Awa ndi mawu amene mmodzi mwa mamembala athu analankhula pa msonkhano wa kalabu Loweruka lapitali. Tawaika pano kuti amene munalephera kubwera muwerenge nokha.

Andiuza kuti ndisadutse mphindi 20, ndiye ndikayamba kuzungulirazungulira wina andikoke malaya.

Ambiri mukundidziwa. Ndinamaliza Fomu 4, ndipo pano ndikudikira kuona ngati dzina langa lituluke ku MUBAS, kuja makolo athu amangotibe ku Poly. Mtima wanga uli pa uinjiniya wa makina. Podikirapo sindingokhala pakhomo, ndimathandiza malume anga pa shedi yawo yowotcherera zitsulo. Amapanga mageti, mafelemu a zitseko ndi mawindo, mabedi, nthawi zina ngolo. Kuwotcherera kwenikweniko sanandilolebe, akuti dzanja langa limanjenjemera. Yanga ndi ntchito ya papepala: kujambula chimene kasitomala akufuna, kenako kuwerengera kuti tigule machubu angati, tiwadule pati kuti zidutswa zotaya zisachuluke. Zitsulo zakwera mtengo, anzanga. Ukalakwitsa nambala imodzi, phindu la sabata yonse lapita.

Kusekondale ndinaphunzirako Technical Drawing, ija ya pensulo ndi T-square. Kenako achimwene anga atabwera kuchokera ku Joni anandisiyira laputopu yawo yakale: Core i5 ya m'badwo wachinayi, RAM 4 GB, ndi hard disk ija yozungulira imene imamveka kulira ukaika khutu pafupi. Inabwera ndi Windows 10. Ndisabise popeza tili pachibale pano, AutoCAD imene ndinaphunzirira inali yakuba. Munthu wina m'tauni anandiikira pa mtengo wa mbale ya chipisi, n'kundilangiza kuti ndizimitse antivirus kuti isamasokoneze. Ine n'kuzimitsadi. Sipanapite miyezi yambiri, fulashi iliyonse yolowa m'laputopu yanga inkatuluka mafoda onse atasanduka ma shortcut. Ena mwa inu munadwalako matenda amenewa chifukwa cha ine. Pepani, lero ndavomera.

Ndiye laputopu ikuchedwa, mavayirasi ali mbwee, kenako nkhani ina inabwera pamwamba. Pa 14 Okutobala 2025 nthawi yosamalira Windows 10 mwachizolowezi inatha. Kompyuta siizima ayi, imayakabe, koma zigamba zachitetezo zija zinkabwera mwezi uliwonse sizibweranso monga kale. Njira yoonekeratu inali kupita pa Windows 11, koma iyo imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, komanso purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo. Yanga ndanena kale, wachinayi. Ndalama yogulira ina panalibe.

Apa mpamene mnzathu wina wa m'kalabu muno, sindimutchula koma akumwetulira kumbuyoko, anandiuza za Linux. Kwa amene simunaimvepo, Linux inayambidwa ndi Linus Torvalds wa ku Finland mu 1991, ali mwana wa sukulu ngati ife tomwe. Ndi yaulere, ndipo aliyense ali ndi ufulu woona mmene inalembedwera, kuisintha ndi kugawira ena. Foni ya Android imene ili m'thumba mwanuyo pansi pake pali Linux. Ilipo ya mitundu yambiri. Wodziwika kwambiri ndi Ubuntu, umene unatuluka koyamba mu 2004 mothandizidwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinalo ndi lija ife timati umunthu. Ine ndinasankha Linux Mint, imene inamangidwa pa Ubuntu koma maonekedwe ake samusokoneza munthu wozolowera Windows. Fayilo yake ndi pafupifupi 3 GB. Ndinaidawuniloda usiku, n'kuiika pa fulashi, Lamlungu masana n'kuyamba ntchito.

Pofika pa sikirini imene imafunsa kuti uike pambali pa Windows kapena ufufute disiki yonse, ndinasankha kufufuta zonse. Ndinali nditakwiya ndi mavayirasi aja, ndinkafuna kuyambiranso poyera. Zithunzi ndi nyimbo ndinali nditasunga pa fulashi ina. Funso limene sindinadzifunse n'lakuti, kodi mawa ndikajambulira chiyani?

Tsiku loyamba zinali bwino zedi. Laputopu inkayaka msanga, fani inasiya kulira ngati chigayo, Wi-Fi inagwira yokha. Lachiwiri m'mawa malume akundiimbira: "Iwe, tapeza oda. Nyumba yonse, mawindo 11 ndi zitseko. Wojambula mapulani akutumizira fayilo pa WhatsApp, uwerengere zitsulo lero lomwe." Fayilo inafikadi, dzina lake likuthera ndi .dwg. Ndinaidina kawiri. Zii. Ndinatenga fulashi imene inali ndi setup ya AutoCAD ija, n'kudina setup.exe. Zii kachiwiri. Thukuta linayamba pamenepo.

Ndifotokoze chifukwa chake, pakuti ine ndinachimvetsa mochedwa. Pulogalamu siilankhula yokha ndi sikirini, kiyibodi kapena disiki. Imadutsira kwa operating system, ngati mmene waganyu pa ntchito yomanga amapemphera simenti kwa kapitawo, osati kukatsegula yekha sitolo. Pulogalamu yolembedwera Windows imadziwa kupempha m'chinenero cha kapitawo wa Windows basi. Ukasintha kapitawo, iyo imalankhulabe chinenero chakale, ndipo palibe woiyankha. AutoCAD, imene kampani ya Autodesk inatulutsa koyamba mu 1982, ilipo ya Windows ndi ya Mac. Ya Linux kulibe. SolidWorks ndiye ya Windows yokha. Revit, imene ojambula nyumba ambiri akuikonda masiku ano, chimodzimodzi. Izi zinalembedwa poyera pa masamba a eni ake, ndikanangowerenga mphindi zisanu ndisanafufute.

Usiku umenewo ndinadziwana ndi Wine. Si chakumwa, alangizi, musandiyang'ane choncho. Ndi pulogalamu imene inayamba mu 1993, ndipo ntchito yake ili ngati ya womasulira kutchalitchi kukabwera mlaliki wachilendo. Pulogalamu ya Windows ikati "nditsegulire fayilo", Wine imatembenuza pempholo kuti Linux imve. Mlaliki akamalankhula zosavuta, womasulira amayenda naye bwinobwino. Koma akayamba miyambi yakwawo ndi nthabwala zozama, womasulira uja amangoti kakasi, mpingo n'kumayang'anana. AutoCAD ya masiku ano ndi mlaliki wa miyambi yokhayokha: imadalira zinthu zambiri za mkati mwa Windows, za layisensi, za zithunzi, za .NET. Anthu a Wine ali ndi mndandanda pa intaneti pamene ogwiritsa ntchito amapereka magiredi kwa pulogalamu iliyonse: Platinum, Gold, Silver, Bronze, ndipo yotsikitsitsa amaitcha Garbage, kutanthauza zinyalala. Mitundu yatsopano ya AutoCAD imapezeka kumunsi kumeneko. Ine ndinaona mndandandawo cha m'ma 2 koloko usiku, bandulo itatsala pang'ono kutha, nditayesa kale kanayi.

Musamve ngati Wine ndi yachabe. Mapulogalamu ang'onoang'ono imawanyamula bwino. LTspice, yoyesera ma circuit musanawotche zipangizo zenizeni, kwa ine ikuyenda pa Wine popanda dandaulo. EPANET, yaulere ija yochokera ku bungwe loona zachilengedwe la boma la America, yowerengera mmene madzi ayendere m'mapaipi kuchokera pa thanki, inatsegukanso. Koma tsiku limenelo ine sindinkafuna circuit kapena mapaipi. Ndinkafuna mawindo.

Lachitatu ndinapeza njira. DWG ndi mtundu wa fayilo wa AutoCAD, ndipo mapulogalamu ena amavutika kuuwerenga bwinobwino. Koma pali mtundu wina wotchedwa DXF, umene Autodesk yomweyo inapanga kuti zojambula zizitha kuyenda pakati pa mapulogalamu osiyana. Ndiye pali kapulogalamu kaulere kotchedwa ODA File Converter, kochokera ku Open Design Alliance, kamene kalinso ndi mtundu wa Linux. Umakapatsa foda ya ma DWG, iko n'kukutulutsira ma DXF. Ndinatembenuza fayilo ija, n'kuitsegula mu LibreCAD, yomwe ndi pulogalamu yaulere yojambulira za 2D. Nyumba yonse inaoneka pa sikirini: makoma, zitseko, mawindo, chilichonse. Zilembo zina zinasintha maonekedwe chifukwa mafonti a AutoCAD munalibe, koma zinkawerengeka. Ndinavina ndekha m'chipinda.

Ndinayeza windo lililonse pa pulaniyo, n'kulemba mndandanda wodulira. Mawindo awiri a pabalaza anali 1200 m'lifupi, mamilimita. Malume anali atapita kumaliro kumudzi, ndiye anangouza anyamata awo pa foni kuti, "Zimene alembe mphwangayo, dulani." Anadula. Pofika Lachisanu mafelemu awiri a pabalaza anali atawotcherera kale, mabagala ndi omwe, atapaka ndi penti yoyamba yofiira ija.

Loweruka malume anabwera, n'kuyang'ana mafelemu, n'kutenga tepi yawo. "Tiye tikaione nyumbayo." Ine ndinati, "Malume, zonse zili pa pulani, palibe chifukwa chowonongera thiransipoti." Sanandiyankhe, anangokwera njinga yamoto n'kundidikira. Titafika anaika tepi pa bowo la windo la pabalaza. 1500. Anayeza linzake. 1500. Kenako anandiyang'ana osalankhula kanthu, ndipo ndikuuzeni, bola akanandikalipira.

Ndinaimbira wojambula mapulani uja mawu akunjenjemera. Iye anangoti, "Mphwanga, tsamba lachiwiri sunalione?" Tsamba lachiwiri liti? Apa mpamene pagona nkhani yanga yonse, ndiye mvetserani. Mu AutoCAD fayilo imodzi imakhala ndi malo awiri. Pali Model, pamene umajambula chinthucho pa kukula kwake kwenikweni. Ndiye pali ma Layout, amene ali ngati mapepala okonzekera kupulinta, okhala ndi mutu wa pulani, sikelo, ndi matebulo. Mwini nyumba anasintha maganizo, anafuna mawindo a pabalaza akuluko. Wojambulayo sanajambulenso mu Model, anangosintha pa tebulo la mawindo limene linali pa Layout, n'kulembapo kuti zasintha. Amisiri omanga anapatsidwa pepala lopulinta, anamanga 1500. Ine LibreCAD inandionetsa Model yokha, chifukwa siionetsa ma Layout monga AutoCAD imachitira. Sinalembe uthenga uliwonse wochenjeza kuti pali zina zimene zatsala. Fayilo inatseguka, nyumba inaoneka yathunthu, ine n'kukhulupirira.

Mukaganiza bwino, usiku uja pamene pulogalamu inkakaniratu kutseguka ndinali pabwino, chifukwa ndinkadziwa kuti ndili pamavuto. Chinandipweteka ndi tsiku limene zinaoneka ngati zatheka. Ndipo sindinganamizire pulogalamu. Ndikanangopempha kuti, "Achimwene, munditumizirenso PDF", ndikanaona tebulo lija pa foni pomwe. Komanso malume anandiphunzitsa kalekale kuti sitidula chitsulo tisanaike tepi pa khoma. Ndinaona ngati laputopu yandikweza kuposa lamulo limenelo.

Mafelemu awiri aja tinawadula n'kupanga ena atsopano. Zidutswa zina zinalowa m'mawindo a kubafa, zina zili pakona mpaka lero, ndimazidutsa tsiku lililonse. Mtengo wa machubu owonjezera malume anadula pa malipiro anga miyezi iwiri, ndipo sindinatsutse. Kasitomala sanamve n'komwe, tinangochedwa masiku atatu.

Tsopano, pambuyo pa zonsezi mwina mukuyembekeza kuti ndinene kuti Linux ndi yoipa, ndinabwerera. Ayi. Ndikadali nayo, ndipo ndi imene ndimagwiritsa ntchito masiku ambiri. Chimene chinasintha n'chakuti ndinakhala pansi n'kufufuza pulogalamu iliyonse payokha, m'malo mongoti "zitheka".

Zina zinandidabwitsa chifukwa zilibe vuto n'komwe. Anzanga a zamagetsi, KiCad yojambulira ma circuit ndi ma PCB ndi yaulere ndipo pa Linux ili kwawo. Si choseweretsa, ngakhale CERN ya ku Geneva inathandizapo kuikonza. Arduino IDE iliponso, kungoti tsiku loyamba bodi yanga inkakana kulandira pulogalamu. Vuto linali chilolezo chabe: pa Linux Mint ndi Ubuntu dzina lako liyenera kulowa m'gulu lotchedwa dialout kuti uloledwe kugwiritsa ntchito doko la USB limene bodi yalumikizidwa. Mzere umodzi mu terminal, kutuluka n'kulowanso, basi zatheka. QGIS ya mamapu imayenda bwino. MATLAB, imene mudzakumane nayo ku koleji, ili ndi mtundu wake wa Linux wochokera kwa eni ake, koma ndi yogula. Yaulere yofanana nayo ndi GNU Octave, imene imamva malamulo ambiri a MATLAB. Ine ndimaigwiritsa ntchito pokumbukira ma matrix a Additional Maths. Chimene Octave ilibe ndi Simulink, ndiye ofuna zojambula za mabokosi zija amapita ku Scilab, imene ili ndi Xcos.

Imene ndathera nayo nthawi yambiri ndi FreeCAD, ya 3D. Sindikunamizani, sabata ziwiri zoyamba ndinkafuna kuitaya. Ukazolowera AutoCAD umangojambula mizere. FreeCAD imafuna kuti uiuze ubale wa mizereyo: uwu ukhale woongoka, uwu ufanane ndi uwo, bowo ili likhale pakati. Ukasiya chimodzi, chojambula chimagwedera ukachikoka. Ukachulutsa, imadandaula kuti malamulo akutsutsana. Koma tsiku lina ndinajambula geti, n'kuika m'lifupi ndi msinkhu wake mu spreadsheet ya mkati mwa FreeCAD momwemo, miyeso ina yonse n'kuimangirira ku manambala awiri amenewo. Kasitomala atabwera kuti geti likule ndi 400, ndinasintha nambala imodzi, geti lonse n'kudzikonza lokha iye akuona. Malume anangoti "hmm", ndipo amene mumawadziwa mukudziwa kuti kumeneko ndi kuyamikira kwakukulu. Kaganizidwe kameneka ndi komwenso SolidWorks imayendera, ndiye sindikuona ngati ndikutaya nthawi. FreeCAD inafika pa mtundu wa 1.0 mu Novembala 2024, patatha zaka zoposa 20 anthu odzipereka akuikonza, ndipo ngati munaiyesa kale n'kukhumudwa, yesaninso yatsopanoyi. Koma fayilo ya SolidWorks yeniyeni siitsegula. Muuzeni wokutumiziraniyo aisunge ngati STEP, umene ndi mtundu womveka kwa mapulogalamu pafupifupi onse a 3D.

Palinso za pa intaneti, zongotsegula mu browser, zimene sizisamala kuti uli pa Windows kapena Linux. Onshape ndi ya 3D yamphamvu ndithu, ndipo ili ndi pulani yaulere, koma pa pulani imeneyo zojambula zako zimakhala poyera, aliyense atha kuziona. Autodesk ilinso ndi tsamba loonera ma DWG mu browser ukatsegula akaunti. Vuto lake mukulidziwa kale nonse: netiweki ikagwa kapena bandulo ikatha, ntchito yaima pomwepo. Ine ndimazisungira tsiku la ngozi. Kwa amene ali ndi kampani ndi ndalama, kuli BricsCAD, yogula, imene imatsegula DWG mwachindunji ndipo ili ndi mtundu wa Linux. Ife a pa shedi sitinafike kumeneko.

Nanga ngati Windows yeniyeniyo ikufunikabe? Njira zilipo ziwiri, ndipo ndinayesa zonse. Yoyamba ndi virtual machine, monga VirtualBox, pamene Windows imayenda m'kawindo mkati mwa Linux. Zili ngati kulowetsa lendi m'nyumba mwako: akhala ndithu, koma mugawana chipinda, madzi ndi magetsi. RAM yanga ya 4 GB nditaigawa pawiri, onse awiri anayamba kukwawa, mwini nyumba ndi lendi yemwe. AutoCAD ya masiku ano payokha imafuna RAM yosachepera 8 GB, SolidWorks imafuna 16 GB. Komanso za 3D mu virtual machine zimayenda monyinyirika chifukwa sizifikira graphics card mwachindunji. Ngati muli ndi 16 GB ndipo mukufuna kapulogalamu kamodzi kopepuka, njira imeneyi ndi yabwino. Kumbukirani kuyatsa virtualization mu BIOS, komanso kuti Windows ya mkatimo imafunabe layisensi yake.

Yachiwiri ndi dual boot, kugawa disiki pawiri, poyatsa n'kumasankha kolowera. Imeneyi ndi imene ndili nayo pano, ndipo ndi imene ndikanasankha Lamlungu lija ndikanakhala wodekha. Ndinasunga ndalama n'kugula SSD ndi RAM ina ya 4 GB. Apa ndivomerenso kanthu kena: nditaika SSD, Windows nayonso inayamba kuthamanga. Ndiye kuchedwa kuja ndinkanamizira Windows, gawo lalikulu linali hard disk yokalamba ndi mavayirasi amene ndinaitana ndekha. Ngati laputopu yanu ikukwawa, musanasinthe chilichonse ganizirani SSD kaye.

Pochita dual boot muyambe kuika Windows, Linux pambuyo, chifukwa Linux ndi imene imadziwa kupanga menyu yosankhira onse awiri. Mu Windows muzimitse Fast Startup, apo ayi Windows siizima kwenikweni, imangogona itagwira disiki, ndipo mukalowa ku Linux mupeza kuti mafayilo a mbali inayo mukutha kuwaona koma osawasintha. Ngati disiki yanu ili ndi BitLocker, lembani recovery key papepala musanakhudze chilichonse. Ndiye pali ka wotchi. Linux imasunga nthawi ya mkati mwa kompyuta pa UTC, pamene Windows imaiwerenga ngati nthawi ya kwanuko. Ife kuno tili patsogolo pa UTC ndi maola awiri, ndiye ukachoka ku Linux n'kulowa mu Windows, wotchi imabwerera m'mbuyo maola awiri. Tsiku lina ndinakhala phee ndikuona 8 koloko pa sikirini, kunja ili 10, kasitomala akundidikira pa shedi. Zimakonzeka ndi lamulo limodzi la timedatectl, ndikuonetsani amene mukufuna.

Mbali ya Windows ndinaisiya yaing'ono, ndipo popeza ndi Windows 10 yosalandiranso zigamba, sindilowa nayo pa intaneti mwachisawawa, sinditsegulirapo imelo kapena za ndalama. Muli pulogalamu imodzi yofunika: DWG TrueView, yaulere, yochokera ku Autodesk komweko. Siijambula, koma imaonetsa DWG ndendende mmene wojambula anaisiyira, ma Layout onse ali pompo. Fayilo ikabwera ndimayamba kuiona mmenemo, ndimapempha PDF, ndimapita ndi tepi ku nyumbako, kenako ndiye ndimajambula zanga mu LibreCAD kapena FreeCAD. AutoCAD yakuba ija sindinaibwezeremo. Autodesk imapereka layisensi yaulere ya chaka chimodzi kwa ophunzira a m'sukulu zovomerezeka, yotheka kuiwonjezera ukadali pasukulu, ukangotumiza umboni woti ndiwe wophunzira. Dzina langa likatuluka, chimenecho ndi chimodzi mwa zinthu zoyamba zimene ndidzachite.

Funso limene ena mwandifunsa kale panja ndi lakuti, ndiye tisinthe kapena ayi? Maganizo anga ndi awa, ndipo mnzanga wakumbuyo uja atha kutsutsa. Ngati mukupita ku MUBAS, ku MUST, kapena ku technical college monga Soche, Lilongwe kapena Nasawa kukachita za zomangamanga kapena za makina, musafufute Windows. Mphunzitsi akamaonetsa pa bolodi kuti dinani apa, inu simukufuna kukhala munthu yekhayo m'kalasi amene batani limenelo alibe. Pofunsira ntchito ya kujambula, dzina limene mudzafunsidwe kawirikawiri ndi AutoCAD. Ikani Linux pambali, muziphunzira zonse ziwiri. Koma ngati muli ndi laputopu yakale imene Windows 11 yaikana, ndipo zanu ndi kulemba mapulogalamu, zamagetsi, mamapu, kapena kujambula zinthu zanuzanu zimene simusinthana ndi ofesi ya wina, Linux ikupatsani zaka zina zingapo pa makina omwewo popanda kuba chilichonse. Ndipo zimene mungaphunzire mu LibreCAD sizitayika. Ma layer ndi omwewo, ma snap ndi omwewo, ngakhale kalembedwe ka @100,0 potanthauza kuti pita 100 kumanja kuchokera pamene uli, n'chimodzimodzi ndi mu AutoCAD.

Musanadine batani lililonse, tengani pepala mulembe mapulogalamu onse amene munatsegula mwezi wathawu, ndi anthu onse amene amakutumizirani mafayilo, ndi mtundu wa mafayilowo. Ndandanda yachiwiriyo ndi imene ine ndinaiwala. Musaiwalenso ma Excel okhala ndi ma macro, aja ena amawerengera ma BOQ, chifukwa LibreOffice imatsegula matebulo bwino koma ma macro ena amafera m'njira. Pulinta yanunso muiyese.

Ndaona a tcheya ayang'ana wotchi kachiwiri. Ndabwera ndi fulashi iyi, muli Linux Mint. Ubwino wake, imatha kuyaka kuchokera pa fulashi pomwepo osakhudza chilichonse cha m'laputopu yanu, ndiye mutha kuona ngati Wi-Fi, mawu ndi kiyibodi zikugwira musanaganize zoika. Loweruka likubwerali ndifika 1 koloko, msonkhano usanayambe. Bwerani ndi laputopu, chaja, ndi fayilo imodzi yeniyeni imene mumagwirira ntchito, tidzaitsegule limodzi tione chimene chisowe. Mafayilo anu ofunika muwakopere kwina musanabwere, ndipo fulashiyi ndaipukuta, ilibe ma shortcut.